Funsani Tiyankhe: Kodi zitsime za ku Nevada zikunena zoona za madzi apansi?

Mwezi uno talandira mafunso atatu okhudza nkhani imodzi, madzi apansi panthaka komanso mabomba a nyukiliya, nde tangowaika pamodzi. Loyambalo tachedwapo chifukwa ndi lomwe lili ndi nyama.

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndimagwira ntchito yokumba mijigo kuno ku Mchinji. Ndinaonera kavidiyo pa YouTube konena za malo ena ku America komwe ankaphulitsirako mabomba a nyukiliya pansi panthaka, ati pano anakumbako zitsime zambirimbiri zongoyezera madzi ndipo akuti madzi omwe anthu akumwa kumeneko ali bwinobwino. Koma ine ngati munthu wa pa rig ndimadziwa kuti pansi sipaoneka, mutha kuboola apa n'kupeza madzi ankhaninkhani, kusuntha mamita 50 n'kupeza fumbi lokhalokha. Nde iwowo akudziwa bwanji kuti poizoniyo sakudutsa pambali pa chitsime chawocho? (Wokumba mijigo, Mchinji)

YANKHO: Achimwene, funso lanuli ndi lomwe akatswiri a kumeneko akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 30, ndipo kukayika kwanuko kuli m'malo mwake. Malo omwe munawaonawo ali m'chipululu cha Nevada, makilomita pafupifupi 105 kuchokera mumzinda wa Las Vegas. Kale ankatchedwa Nevada Test Site, kuyambira 2010 akutchedwa Nevada National Security Site, ndipo kukula kwake ndi ma square kilomita pafupifupi 3,500. Ndi dziko la makolo a anthu a mtundu wa Western Shoshone, omwe mpaka lero amati sanaliperekepo kwa wina aliyense. Kuyambira 1951 mpaka 1992 kunachitika mayeso a mabomba 928, mwa amenewa 100 anaphulitsidwa mumlengalenga ndipo 828 pansi panthaka. Apansiwa ndi omwe abweretsa vuto la madzi chifukwa pafupifupi limodzi mwa atatu alionse linaphulika pafupi ndi madzi apansi kapena m'kati mwa madzi mwenimwenimo.

Bomba likaphulika pansi limasungunula thanthwe n'kusiya chimphanga chachikulu, thanthwe losungunukalo limatsikira pansi pa mphangayo n'kuuma ngati galasi, ndipo zambiri mwa zinthu zolemera ngati plutonium zimatsekeredwa m'galasimo. Kenako denga limagumuka, miyala yozungulira imang'ambika, madzi n'kubwereramo pang'onopang'ono. Chomwe chimathawa msanga ndi tritium. Imeneyi ndi haidrojeni yomweyi koma yotulutsa radiation, nde simasungunuka m'madzi ngati mchere ayi, imakhala gawo la madziwo, komwe madzi akupita nayonso ikupita, liwiro lake lomwelo. N'chifukwa chake akamayeza amayamba kufufuza tritium, ndi yomwe imafika kaye zinazo zili m'mbuyo.

Tsopano chitsime choyezera madzi chimangokuuzani za madzi omwe alowa m'chitsimemo basi. Zili ngati ogula chimanga akabaya thumba ndi chobayira chija, akabaya pamwamba pokha n'kupeza chouma sizitanthauza kuti pansi palibe chofumbwa. Nde ntchito yaikulu ku Nevada sikuyeza madzi kokha, amayezanso chitsimecho kuti kodi n'choyenera kuchikhulupirira, ndipo chitsime chimatha kunama m'njira zingapo.

Njira yoyamba ndi yomwe mwatchula inuyo, malo. Ku Pahute Mesa, dera lokwera la m'malo omwewa komwe kunaphulitsidwa mabomba akuluakulu kwambiri, miyala yake ndi ya mapiri ophulika akalekale ndipo madzi amayenda m'ming'alu. Mayeso a kumeneko anali 82 okha koma ndi komwe kuli gawo loposa theka la radiation yonse yomwe inatsala pansi pa malo onsewo. Kuti adziwe komwe madzi akulowera amayeza kutalika kwa madzi m'zitsime zambiri, ntchito yomwe USGS, bungwe la boma la America lofufuza za miyala ndi madzi, limathandiza, chifukwa madzi apansi amachoka komwe ali pamwamba kupita komwe ali otsika. Zimenezi zinaonetsa kuti a ku Pahute Mesa akutsetserekera kum'mwera chakumadzulo, kulunjika ku Oasis Valley kufupi ndi tauni ya Beatty komwe kuli akasupe ndipo anthu amakhalako. Chitsime chomwe chakumbidwa kumtunda kwa malo ophulikirawo chikhoza kumatulutsa madzi oyera mpaka kalekale koma sichikutsimikizira chilichonse za anthu akumunsi.

Yachiwiri ndi kuya. Inu mijigo yanu mwina mumalekezera mamita 45 kapena 60, koma ku Pahute Mesa kuti mungowakhudza madziwo mumaboola mamita 600 ndi kuposera, ndipo zitsime zina zimapitirira kilomita imodzi kutsika pansi. Pakuya chonchi mumadutsa miyala yamitundumitundu, wina wodutsa madzi wina wotseka, nde ngati screen, gawo la paipi lokhala ndi timabowo tolowetsa madzi, mwaiika pa mulingo wolakwika tritium itha kumadutsa pamwamba kapena pansi pake inu osadziwa. Komanso screen ikatalika kwambiri imasakaniza madzi oipa a mng'alu umodzi ndi madzi abwino a ming'alu ina, zotsatira n'kutuluka zotsika kuposa momwe zinthu zilili. Choopsa kwambiri n'chakuti chitsime chomatidwa molakwika chimasanduka msewu, madzi oipa a pamwamba n'kumatsikira m'mbali mwa casing, paipi yotchinga khoma la chitsime, kukalowa m'madzi apansi omwe anali otetezeka. Pachifukwa ichi zitsime zambiri za kumeneko zimakhala ndi zigawo ziwiri kapena zitatu zolekanitsidwa ndi simenti, chigawo chilichonse kuchiyeza pachokha.

Yachitatu mukuidziwa bwino kuposa ine, madzi omwe mumathira pokumba. Sampulo yotengedwa chitsime chikangomalizidwa nthawi zambiri ndi madzi anu omwe aja akubwerera. Anzathuwa amathira mankhwala a lithium bromide m'madzi okumbira ngati chizindikiro, kenako amapopa chitsimecho kwa masiku angapo uku akuyeza bromide, ikatsika kufika pafupi ndi mulingo wachilengedwe ndi pomwe amadziwa kuti tsopano akukoka madzi enieni a m'thanthwe. Ngakhale pa chitsime chakale, madzi omwe agona m'paipi kwa chaka chonse sawawerengera, amayamba awapopa kaye mpaka kutentha kwake, pH komanso kuchuluka kwa mchere zitasiya kusinthasintha. Ndipo madzi opopawo ngati ali ndi tritium yambiri samangowataya pabwalo, amawathira m'maiwe oyalidwa pulasitiki yochindikala.

Mfundo yotayira madziyi anaiphunzira pa bomba lina laling'ono lotchedwa Cambric, lomwe linaphulika mu 1965 ku Frenchman Flat, chigwa china cha m'malo omwewa. Pofuna kuona kuti zinthuzi zimayenda bwanji, anakumba chitsime chotchedwa RNM-2S mamita 91 kuchokera pomwe linaphulikira n'kuchipopa kuyambira 1975 mpaka 1991, zaka 16. Panatenga zaka pafupifupi ziwiri akupopa usana ndi usiku kuti tritium ionekere, pamtunda wa mamita 91 okha, pomwe cesium ndi strontium, zinthu zina zotulutsa radiation, zinakakamira m'dothi. Phunzirolo linali lamtengo wapatali koma madzi opopawo ankawathira mu ngalande yopanda simenti, nde gawo lina linalowanso pansi n'kubwerera ku madzi apansi pamalo ena atsopano. Lero malo a ngalandeyo nawonso ali pa mndandanda wa zoyenera kuyang'anira.

Ndiye palinso nkhani ya labu. Malire a tritium m'madzi akumwa ku America ndi ma picocurie (muyeso wa radiation) 20,000 pa lita imodzi. Kuyeza wamba kumaona tritium ikakhala m'mahandiredi angapo, koma pali njira ina yodula yomwe imatha kuona ngakhale ma picocurie ochepa kwambiri. Lipoti likanena kuti sanapezemo kanthu, funso ndi lakuti anayeza ndi njira iti. Pa zitsime zomwe ntchito yake ndi kuchenjeza msanga amagwiritsa ntchito yodulayo, chifukwa cholinga n'kuona tritium ikangoyamba kununkhira osati itafika kale pa mulingo woopsa. Zitsimezo anazigawa malinga ndi ntchito, zina zili pakati penipeni pa madzi oipa, zina kutsogolo kwake pang'ono zodikira, zina kutali, ndipo zina ndi zomwe anthu amamwa m'midzi yozungulira.

Kodi njira yonseyi inagwirapo kanthu? Eya. Mu 2009 chitsime chotchedwa ER-EC-11 chinapeza tritium kunja kwa malire a malowa kwa nthawi yoyamba, pamtunda wa mamita pafupifupi 700 kuchokera pamalire, pa malo a asilikali a ndege za nkhondo. Inali yopitirira pang'ono 12,000 pa lita, kutanthauza kuti inali isanafike pa 20,000 paja, ndipo chitsime chomwa anthu chapafupi chili makilomita oposa 20 kuchokera pamenepo. Chomwe chimandipatsa chikhulupiriro pang'ono n'chakuti chitsimechi sanachikumbe mwangozi, mamodelo a pa kompyuta, mapulogalamu owerengera momwe madzi amayendera pansi, anali atalosera kale kuti tritium idzatulukira mbali imeneyo, anakakumba dala kuti aone ngati ulosiwo uli woona ndipo anaipezadi. Ku Frenchman Flat anachitanso chimodzimodzi mu 2012, anakumba zitsime ziwiri, ER-5-5 ndi ER-11-2, zongoyesera modelo, ndipo kumeneko anapeza kuti zinthu zayenda pang'ono kuposa momwe kompyuta inkaopera. Chitsime chimakonza modelo, modelo n'kuloza pokumba chitsime china, choncho choncho.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zili m'manja. Chitsime chimodzi cha kuya koteroko chimadya madola mamiliyoni, nde sangakumbe paliponse, mipata ilipo ndithu pakati pa zitsimezo. Ndipo boma la America silinalonjeze kuti litsuka madziwo, linanena poyera kuti palibe njira yotheka yochotsera zinthuzi pakuya pamenepo. Chomwe anagwirizana ndi boma la Nevada mu mgwirizano wa 1996 ndi kulosera komwe madzi oipa angafike m'zaka 1,000, kuletsa anthu kukumba m'deralo, n'kumayang'anira. Frenchman Flat inalowa gawo loyang'anira kwa nthawi yaitali mu 2016, madera ena a Yucca Flat ndi Rainier Mesa mu 2020. Ine mbali yomwe ndimaiona yofunika zedi ndi yakuti woyeza si m'modzi. Dipatimenti ya Energy, yomwe ndi mwini malowo, imayeza, koma boma la Nevada limaunika ntchitoyo, bungwe la Desert Research Institute limayeza zitsime ndi akasupe a m'midzi mothandizana ndi anthu a komweko, ndipo boma laling'ono la Nye County linayamba kutenga masampulo akeake mu 2015. Mpaka pano kuyeza kumeneku sikunapeze tritium ya mabomba apansiwa m'madzi omwe anthu amamwa. Mawu amenewa ndimawakhulupirira kwambiri chifukwa akuchokera pakamwa pangapo, akanakhala a mwini malo yekha ndikanakuuzani kuti pitirizani kukayika.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa physics ku sekondale. Ana anga ndimawaphunzitsa kuti theka la tritium limatha pa zaka 12.3 zilizonse. Ngati bomba lomaliza linaphulika mu 1992, si ndiye kuti vutoli likudzithera lokha? Ndalama zonsezi zokumbira zitsime n'zachiyani? (Mphunzitsi, Zomba)

YANKHO: Aphunzitsi, masamu anuwo ali bwino ndipo ndi omwe akuthandiza anthu a ku Beatty. Tritium ya bomba la mu 1968 inali itatsala gawo limodzi mwa magawo 16 pofika 2017, nde madzi akamayenda pang'onopang'ono tritium yambiri imafera m'njira. Koma ganizirani poyambira pake. Pafupi ndi pomwe panaphulikira bomba, zitsime zina zimaonetsa ma picocurie mamiliyoni ambirimbiri pa lita, nde kuti mamiliyoni amenewo atsike kufika pa 20,000 muyenera kuwadula pakati maulendo ambiri, ndipo ulendo uliwonse ndi zaka 12.3. Tikukamba za zaka zoposa 100. Mpikisano ndi wakuti madziwo afika kwa anthu tritium isanathe kapena itatha, ndipo liwiro la madzi simungalidziwe muli mu ofesi, pamafunika chitsime.

Komanso tritium si yokha. Carbon-14 theka lake limatenga zaka 5,730, technetium-99 zaka zoposa 200,000, chlorine-36 pafupifupi 300,000, iodine-129 zaka mamiliyoni oposa 15, ndipo zonsezi zimayenda ndi madzi mosavuta. Zilipo zochepa poyerekeza ndi tritium koma tritium ikadzatha izi zidzakhala zilipobe.

Nkhani yomwe ndingakonde mukawauze ana anu ndi ya plutonium. Kwa zaka zambiri asayansi ankakhulupirira kuti plutonium siyenda, imamatirira pa thanthwe pomwepo. Ndiye cha m'ma 1990 anakumba zitsime zotchedwa ER-20-5 ku Pahute Mesa pofuna kuphunzira za bomba lotchedwa Tybo la mu 1975 lomwe linaphulika chapafupi, m'madzimo n'kupezamo plutonium pang'ono. Aliyense akanangoti ndi ya Tybo basi nkhani yatha. Koma bomba lililonse lili ndi kasakanizidwe kakekake ka plutonium-240 ndi plutonium-239, nde Annie Kersting wa ku labu ya Lawrence Livermore ndi anzake atayeza anapeza kuti si ya Tybo, ndi ya Benham, chibomba cha ma megaton (muyeso wa mphamvu ya bomba) 1.15 chomwe chinaphulika mu December 1968 pamtunda wa makilomita 1.3 kumpoto. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1999. Plutonium ija inali itakwera pa tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri ta dongo ndi miyala toyandama m'madzi, tosaoneka ndi maso, n'kuyenda nato m'ming'alu mtunda wonsewo pasanathe zaka 30. Kuchuluka kwake kunali kochepa zedi, kosafika pa malire a madzi akumwa, koma theka la plutonium-239 limatenga zaka 24,100, ndipo chomwe mabuku ankati sichingachitike chinapezeka kuti chikuchitika. Pakanapanda chitsime pamenepo, komanso pakanapanda munthu wofunsa kuti plutonium imeneyi ndi ya bomba liti, bwenzi mamodelo onse akuwerengabe kuti siyenda.

FUNSO: Ine ndine mayi wa ana anayi, kwathu ndi ku Karonga. Nkhani zoterezi zimandiopsa chifukwa tili ndi mgodi wa uranium ku Kayelekera. Kodi zomwe zinachitika ku America zingachitikenso kuno? Nanga kuwiritsa madzi kapena kuthira WaterGuard kumathandiza? (Mayi wodandaula, Karonga)

YANKHO: Amayi, choyamba mtima ukhale pansi pa mbali iyi, mgodi si malo ophulitsira mabomba. Ku Malawi sikunaphulikepo bomba la nyukiliya, ndipo tritium ndi plutonium zomwe takamba pamwambazi zimachokera ku mabomba ndi ma reactor (makina opangira mphamvu ya nyukiliya), sizichokera ku mgodi wokumba miyala ya uranium. Tritium ya mabomba yomwe inafika kuno ndi ija inagwa ndi mvula padziko lonse nthawi ya mayeso a mumlengalenga cha m'ma 1960, inali yochepa kwambiri kuno kum'mwera kwa dziko lapansi ndipo pano yatsala pang'ono kutheratu, moti akatswiri amangoigwiritsa ntchito podziwa ngati madzi a pa mjigo analowa pansi posachedwa kapena kalekale.

Pa mgodi wa uranium zoyenera kuyang'anira ndi zina, uranium yeniyeniyo, radium, mpweya wa radon, komanso asidi ndi zitsulo zochokera m'damu la zinyalala za pa fakitale. Kayelekera inayamba kutulutsa uranium mu 2009, inaima mu 2014, ndipo inayambiranso mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Madzi a m'deralo amatsikira mu mtsinje wa Sere, kulowa mu North Rukuru mpaka ku nyanja, nde nkhawa yanu si yopanda pake ndipo kufunsa ndi ufulu wanu.

Za kuwiritsa ndikuuzeni mosabisa, kuwiritsa ndi klorini zimapha tizilombo toyambitsa kolera ndi kutsegula m'mimba, pitirizani kutero, koma sizichotsa uranium kapena chitsulo chilichonse. Mukawiritsa nthawi yaitali madzi amaphwera koma zitsulozo zimatsala mumphika momwemo. Madzi oterowo saoneka ndi maso komanso samveka pakamwa, njira ndi labu basi.

Chomwe mungatengeko ku Nevada ndi mafunso. Pakakhala msonkhano wa kampani kapena wa akuluakulu a boma m'dera lanu, inu kapena a komiti ya mjigo kapena amfumu funsani kuti zitsime zoyezera madzi zilipo zingati ndipo zili kumtunda kapena kumunsi kwa damu la zinyalala. Funsani kuya kwake poyerekeza ndi mijigo yomwe mumamwa, chifukwa chitsime choyeza madzi a pa mamita 100 sichinena za chitsime chanu cha mamita 15. Funsani kuti amayeza kangati pachaka, ndipo dzinja amayeza kapena ndi chilimwe chokha. Funsani manambala a momwe madzi analili mgodi usanayambe, popeza miyala ya kumeneko ili ndi uranium mwachilengedwe ndipo popanda manambala akalewo palibe angasiyanitse za chilengedwe ndi za mgodi. Ndipo funsani ngati pali wina wosakhala kampani yemwe amatenga masampulo akeake. Dziko lino lili ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziyang'anira za radiation, komanso ofesi ya zamadzi pa boma la Karonga, kumeneko mutha kukapempha kuti mjigo wa m'mudzi mwanu uyezedwe ndipo zotsatira mupatsidwe papepala, zolembedwa manambala ndi tsiku lomwe sampulo inatengedwa.